Rayita Alowa m'Chigwa cha Njala

1. Pangano la pakhoma

Pamene akuluakulu a ku Makka anapachika pangano lawo m'Kaaba, nyumba yopatulika ya mzindawo, Rayita anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Pamene zimene ndikusimba pano zinkachitika n'kuti papita zaka ziwiri, pangano lija likadali pakhoma.

Mawu ake tonse tinkawadziwa, ngakhale ife osatha kuwerenga. Munthu asagulitse kanthu kwa a fuko la Hashimu, asagule kanthu kwa iwo, asakwatire kapena kukwatitsa mwana kumeneko, mpaka atapereka m'bale wawo Muhammadi, amene ankaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi yekha ndipo mafano ndi miyala chabe. A fukolo anakana kumupereka. Okhulupirira ndi osakhulupirira omwe anasamukira m'chigwa chopapatiza kumapeto kwa mzinda, ndipo polowera pake panakhala alonda.

Bambo a Rayita, amene anali ofufuta zikopa, anamwalira iye ali wamng'ono. Iye ndi amayi ake, a Hunaida, ankasungidwa ndi a Kalada, akulu awo a malemuwo. Mkulu wake wa Rayita, Lubina, anakwatiwa ndi Sinani wa fuko la Hashimu pangano lisanalembedwe, ndipo onse awiri anatsatira chiphunzitso chatsopanocho. Lubina analowa m'chigwa ali ndi pakati. Mwana anabadwira komweko. Dzina lake, Unaisi, tinangolimva kwa mayi wina wotola nkhuni.

Nyumba yanga inagundana ndi ya a Kalada, choncho zambiri ndinaziona ndi maso anga, ndipo zina anandiuza Rayita mwiniwake patapita zaka. Mphepo ikamachokera kuchigwa tinkamva kulira kwa ana. A Hunaida akamva ankasiya mphero, n'kulowa m'nyumba.

2. Pamsika

M'miyezi yopatulika, pamene alendo amadzazungulira Kaaba ndipo munthu sasolola lupanga, a m'chigwa ankatha kutuluka. Koma eni malonda anali atauzidwa kale kuti akaona munthu wa kumeneko akweze mtengo mpaka achoke yekha.

Tsiku lomaliza la mwezi wopatulika Rayita anatumidwa kumsika kukatenga nsalu. Kunali kutatsala masiku khumi kuti akwatiwe ndi Mudiliji, mwana wa bambo wina wogulitsa mafuta onunkhira, ndipo m'nyumba mwa a Kalada munali piringupiringu.

Akudutsa pa ogulitsa barele anamva anthu akuseka. Mwini barele anali ataphimba thumba lake ndi manja onse awiri pamaso pa mayi wina woonda.

"Amayi, barele uyu ndi wa anthu a milungu yambiri," anatero bamboyo. "Inu muli naye mmodzi yekha uja. Kamupempheni, mwina akugwetserani kuchokera kumwamba."

Mayiyo anatembenuka n'kukokera nsalu yake kumutu, ndipo pamkono pake panaoneka chipsera chachitali. Rayita anachizindikira. Anachiona chikupangika tsiku lina akali ana, mphika wa mafuta utagudubuzika.

"Achemwali?"

"Usaime pafupi nane, Rayita. Anthu akuona."

Rayita anamutsatirabe mpaka kuseri kwa khola la ngamila. Kumeneko Lubina anamuuza mwachidule. Mkaka unamuumira kalekale. Ankadya masamba a mitengo ya minga. Sabata yapitayo ananyika chikopa chakale m'madzi, kuchiwamba, kuchisinja, n'kumwera madzi. Unaisi anali atayamba kuyenda, koma tsopano ankangogona.

"Bambo athu akanaona mmene tikudyera zikopa akanati tikuwawonongera ntchito," anatero Lubina, akuyesa kuseka. Kenako anamuyang'ana mng'ono wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wakula. Za ukwati ndinamva. Amayi ukawauze kuti ndili bwino."

"Koma simuli bwino."

"Ukawauze choncho basi."

3. Mawu a bambo aakulu

Rayita asanafike kunyumba, nkhani inali itafika kale. A Kalada anamudikira pabwalo, pafupi ndi kachipinda kosungiramo chakudya cha ukwati: matumba a barele, tende wa kanjedza, mphesa zouma za ku Taifi ndi mitsuko ya mafuta.

Rayita sanabise. Anakhala pansi chapafupi, n'kupempha kuti pa chakudya cha ukwati wake apatulepo kathumba kamodzi ka mwana wa Lubina.

A Kalada sanali munthu wokalipa, ndipo tsiku limenelo sanakweze mawu.

"Mwana wanga, undimvere bwino, chifukwa sindidzabwereza. Ukuganiza kuti ine ndilibe makutu? Kulira kuja ndimakumva monga umakumvera iwe. Lubina ndinamulera ndi manja awa. Atapsa mkono uja, amene anathamanga naye kwa sing'anga ndine. Koma kuno kwathu munthu amakhala ndi moyo chifukwa cha fuko lake. Ukamayenda pamsewu popanda wokukhudza, si chifukwa cha nkhope yako ayi. Ndi chifukwa aliyense akudziwa kuti kumbuyo kwako kuli amuna a fuko lathu. Ine pangano lija ndinalivomera pamaso pa anthu. Barele wodzaza dzanja akachoka m'nyumba muno n'kulowa m'chigwa, mawa palibe adzagule chikopa changa, palibe adzalole katundu wanga pa ngamila zopita ku Shamu, ndipo ana anga asanu adzalira monga akulirira aja. Uganizirenso amayi ako, mkazi wamasiye wopanda mlongo mumzinda muno. Adzapita kuti?

"Mkulu wako anasankha yekha. Khomo langa silinatsekedwe kwa iye. Angonena mawu amodzi, kuti wabwerera kwa milungu ya makolo ake, ndipo ndidzapita ndekha kukamutenga pamodzi ndi mwana. Ndamutumira uthenga kawiri, wakana kawiri. Tsono iwe usataye moyo wako chifukwa cha munthu amene akukana kudzipulumutsa. Ukadzangoponda m'chigwa muja, ukwati watha, ndipo ine sindidzakhala ndi mphamvu zokutchinjiriza. Wamva?"

"Ndamva, bambo," anatero Rayita, maso ali pansi. "Koma Unaisi anasankha chiyani?"

A Kalada anamuyang'ana nthawi yaitali. Anadzuka, kutenga ndodo yawo, n'kutuluka.

4. A Hunaida

M'mawa mwake Rayita ankapera barele ndi amayi ake. Anawauza monga anatumidwira, kuti Lubina akuti ali bwino. A Hunaida sanasiye kupera.

"Pakamwa pako pakuti ali bwino, nkhope yako ikunena zina," anatero. "Usandiuze. Ndikadziwa sinditha kudya m'nyumba ya alamu anga, ndipo ndikapanda kudya adzafunsa. Tamvera, Rayita. Ndinabereka ana anayi. Awiri ndinawaika m'manda akali oyamwa. Wachitatu ali kuseri kwa phiri ilo, wamoyo, koma sindiloledwa kutchula dzina lake pabwalo. Watsala ndiwe. Bambo ako aakulu sananame dzulo. Anthu a mzinda uno sakhululukira mtsikana. Mwamuna akaphwanya pangano amati ndi wolimba mtima, mtsikana akatero amati wachititsa manyazi nyumba. Usandichotsere mwana wotsiriza."

Rayita anapitiriza kupera. Ufa utakwana, a Hunaida anauwolera m'kathumba, kukamanga bwino, n'kukasiya pafupi ndi dengu. Anaimirira n'kunena kuti masana onse akakhala kwa ine, kukandithandiza kupota ubweya, ndipo sabwerera mpaka mithunzi itatalika.

Anabweradi. Koma ubweya sanaupote. Anakhala pamphasa yanga akuyang'ana kukhomo.

5. Polowera

Rayita anadikira mpaka dzuwa litafika pamutu, nthawi imene miyala ya ku Makka imawotcha mapazi ndipo ngakhale agalu amabisala. Anaika m'dengu kathumba ka ufa kaja, tende wodzaza manja anayi ndi kathumba kachikopa ka mkaka wa mbuzi. Pamwamba anaphimbapo masamba ofufutira zikopa, amene ankakathyola kawirikawiri kumbali yomweyo ya phiri.

Mwezi wopatulika unali utatha, alonda atabwerera. Tsiku limenelo anali awiri, atakhala mumthunzi wa thanthwe. Wina anali m'tulo, pakamwa pali yasa. Winayo anaimirira, ndipo Rayita anaona kuti ndi Mudiliji. Mabanja ankasinthana potumiza anyamata awo kukalonda, ndipo Rayita sankadziwa kuti tsikulo linali la banja la Mudiliji.

"Mkwatibwi padzuwa lotere?" anatero Mudiliji akumwetulira. "Ufuna udzafike pa ukwati utapserera ngati mkate woiwalika pamoto?"

Kenako anaona kuti dengu likumulemera. Masamba ouma salemera choncho. Anawakankhira pambali ndi chala, ndipo kumwetulira kuja kunatha.

"Bwerera, Rayita. Sindinaone kanthu. Ingobwerera."

"Muli mwana wa achemwali anga mmenemo. Sakuyendanso."

Mudiliji anamunong'oneza kuti akadutsa, iye sangathe kubisa. Mnzakeyo adzadzuka, anthu a m'nyumba zapafupi adzaona, ndipo bambo ake akadzamufunsa sadzawanamiza. Anati nyumba yawo yatsopano waimaliza ndi manja ake, denga analikhoma dzana. Anamupempha kawiri.

Rayita anamvetsera zonse. Anasenza bwino dengu lake n'kunena kuti sakumupempha kuti aname, angomupatsa njira.

Mudiliji akanatha kumugwira mkono. Sanatero. Anapatuka, n'kuyang'ana kumbali.

6. M'chigwa

Mkati munali zii. Anthu anali atagona m'mithunzi ya nsalu zong'ambika zomangidwa pamiyala. Mitengo yonse ya minga inali yopanda tsamba mpaka pamene dzanja la munthu limafika. Ana anayi anadzuka n'kuyamba kumutsatira. Sanapemphe kanthu. Ankangoyang'ana dengu.

Atafunsa za amake Unaisi, mayi wina anamulozera chakumtunda, n'kuweramitsa mutu.

Anapeza Lubina atakhala pansi, atatsamira mwala, manja ali pamiyendo. Pambali pake panali Sinani, mikono yake ili mbuu ndi fumbi mpaka m'zigongono, ndi bambo ake a Sinani, a Nufaili, okalamba a ndevu zoyera. Mwana panalibe.

"Wabwera, mng'ono wanga," anatero Lubina. "Watisiya dzuwa likutuluka. Alamu ako angobwera kumene kokamuika."

Rayita anatula dengu pansi. Anagwada, kugwira mapazi a mkulu wake, n'kuyamba kulira. Ankangobwereza kuti akanabwera dzulo, akanathamanga kuchokera kumsika komwe kuja. Lubina anamugwira mutu n'kumuuza kuti dzulo mwanayo sankamezanso ngakhale madzi.

Kulira kutachepa, Rayita anafunsa funso limene linali kumuwawa. Anati bambo aakulu ankangofuna mawu amodzi okha.

"Dzulo ndikuchokera kumsika mawuwo anafika pakamwa panga," anayankha Lubina. "Ndinaima pamsewu wopita kwathu, ndikuona denga la nyumba yathu. Koma ndikanawanena, ndikananamiza ndani? Bambo aakulu, kapena Amene anandilenga? Ndikulira, Rayita, sindikubisira. Mwina ndidzalira mpaka kufa. Koma mwana wanga sanapite kwa miyala. Ali kwa Mwini wake, ndipo kumeneko kulibe njala."

Kenako Lubina anadzuka movutikira n'kuvundukula dengu. Mkaka anautumiza kwa mayi wina wa mapasa. Ufa anauthira mumphika wa madzi ambiri, ndipo phala litapsa anaitana ana anayi aja ndi ena amene anatulukira. Tende anamugawa mmodzimmodzi. Iye mwini analawa pang'ono chabe, Sinani atamukakamiza. Rayita anawerenga ana khumi ndi atatu akunyambita zala.

Pamene ankatsazika, a Nufaili anamuitana kuti akhale pafupi.

"Mwana wa Hunaida, ine si wa chipembedzo cha mwana wangayu. Ndakalamba ndi milungu ya makolo anga, ndipo mwina ndidzafa nayo. Ndili muno chifukwa sindingadye ndili kunja ana anga akufa mkati. Choncho zimene ndikuuze si zokukopa. Wachita chinthu chabwino lero, koma usayembekeze kuti wina akakuthokoza. Kunja kuja akakufunsa kuti uli mbali iti, ndipo sakakupatsa nthawi yoganiza. Usakayankhe chifukwa cha mkwiyo, pakuti mkwiyo umatha njala ikafika. Usakayankhenso chifukwa chomvera chisoni mkulu wako. Ndaona achinyamata akulowa muno mitima ili pamoto, n'kutuluka patatha mwezi akutukwana aliyense. Ndaonanso ena, ngati mpongozi wangayu, amene anadziwa chimene akulowera, ndipo lero waika mwana osatukwana munthu. Chimene ukanene, chikakhale chimene ungathe kukhala nacho chaka chamawa, uli ndi njala, wopanda mwamuna, wopanda fuko. Tsopano pita dzuwa lisanapendeke kwambiri. Amayi ako akudikira."

7. Pakhomo pa a Kalada

Polowera paja Mudiliji panalibe. Panali amuna asanu, ndipo palibe anamuyankhula. Anangomupatsa njira. Mumsewu amayi anatuluka m'makomo kudzamuona akudutsa ndi dengu lopanda kanthu.

Atayandikira kwawo anakumana ndi antchito awiri a bambo a Mudiliji atasenza bokosi la mphatso zimene banjalo linabweretsa pomufunsira. Anadutsana osapatsana moni.

Pabwalo panali a Kalada ndi amuna atatu a fuko lathu. A Hunaida anali ataima pakhomo la nyumba yanga, ine ndili kumbuyo kwawo. Rayita sanapite kwa amunawo. Anapita kwa amayi ake.

"Unaisi wamwalira, amayi. Amuika m'mawa uno."

Kwa zaka ziwiri a Hunaida anali asanatchule dzina la Lubina pamaso pa anthu. Tsiku limenelo anakhala pansi pafumbi, kuvula nsalu yakumutu, n'kulira mokweza akutchula mwana wawo ndi mdzukulu amene sanamuonepo. Amuna aja anayang'anana. A Kalada anaphimba nkhope ndi dzanja, ndipo mapewa awo ankagwedezeka.

Patapita nthawi anapukuta m'maso n'kuitana Rayita. Mawu awo anali osasa.

"Akuluakulu a fuko agamula. Mawa dzuwa likatuluka tidzapita nawe kwa fano la fuko lathu. Udzaika dzanja pamenepo, n'kulumbira pamaso pa anthu kuti Lubina si m'bale wako ndipo Mulungu wake sukumudziwa. Ukalumbira, mlandu watha, ndipo ine ndikagwada kwa bambo a Mudiliji. Ukakana, dzina lako lichotsedwa m'fuko, ndipo aliyense angakuchite chimene akufuna popanda womufunsa. Ndayesetsa, mwana wanga. Apa ndi pamene ndafika. Usandiyankhe lero."

Amuna awiri ananyamuka. Wachitatu anatsala, n'kukhala pamwala wa pachipata, ndodo ili pamiyendo, kuti pasapezeke wotuluka.

Ndinathandiza Rayita kudzutsa amayi ake n'kuwalowetsa m'nyumba mwa a Kalada. Anamwa madzi pang'ono. Rayita anakhala pafupi nawo n'kufunsa motsitsa mawu.

"Ndikanene chiyani mawa, amayi?"

A Hunaida anasuzumira kukhomo, kumene kunkaoneka msana wa munthu wa pachipata uja. Kenako anamukokera Rayita pafupi, mpaka pakamwa pawo panafika pakhutu pake.

"Mawa sudzaima wekha pamenepo, ndidzakhala pambali pako. Koma tandiuza kaye zonse zimene mkulu wako wanena za kumene kuli mwana. Usasiyeko mawu ngakhale amodzi."